Pícaro: Tambwali wa ku Spain ndi Abale Ake a Kuno Kwathu

Mawu ali m'munsiwa adayankhulidwa pa msonkhano wapachaka wa gulu lathu umene udachitikira ku Nselema. Woyankhulayo ndi mnzathu amene atachoka pasukulu pano adapita ku yunivesite, ndipo tsopano ali pa ntchito ya boma ku Lilongwe. Ambiri amene adalephera kufika adapempha kuti tiwasindikize. – Mkonzi



Ndikudziwa kuti ena mwa inu mutamva kuti woyankhula ndi munthu wa ku Capital Hill mudaganiza kuti mumva za bajeti kapena za msewu. Zimenezo timakamba kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo lero ndi Loweruka. Ndabwera ndi liwu limodzi lokha. Si la Chichewa, si la Chiyao, si la Chingerezi. Ndi la Chisipanishi, liwu loti pícaro. Politchula mphamvu imakhala pa "pi" woyambayo. Musadandaule kuti ndakutengerani kutali. Tisanafike pa chakudya chamasana mudzaona kuti munthu ameneyu mumamudziwa, mwina mudakwera naye minibasi imodzi kuchokera ku Liwonde m'mawa uno.

Pícaro ndi munthu wosauka, wopanda makolo oti n'kuwatchula pagulu, amene chuma chake chonse ndi mutu ndi lilime. Sakhala pamodzi. Lero ali kwa bwana uyu, mawa kwa bwana wina, ndipo paliponse amanama pang'ono, kuba pang'ono, kumenyedwa kwambiri. Si chigawenga, sapha munthu, ndipo nkhwangwa kapena mfuti si zida zake. M'zaka za m'ma 1500 liwuli linkanenedwa makamaka kwa anyamata ozungulira pa makhitchini a anthu olemera, otsuka mapoto ndi kusenza nkhuni popanda kulembedwa ntchito, malipiro awo n'kukhala makombo. Za kumene liwulo lidachokera akatswiri amatsutsana. Ena amati lidachokera ku mneni woti picar, kutanthauza kubaya kapena kujompha monga ichitira nkhuku. Ena amati lidachokera ku dzina la dera la Picardy kumpoto kwa France, kumene kunali nkhondo zambiri ndi asilikali ausiwa ongoyendayenda. Ine ndimakonda la nkhukulo, pakuti pícaro amakhaliradi kujompha.

Nanga m'Chichewa tingamutche ndani? Mbava ayi, liwulo n'lolemera kwambiri ndipo mulibe nthabwala. Kamberembere ali pafupi, koma kamberembere timamuopa. Kathyali ali pafupi kuposa pamenepo. Alipo adobadoba amene amaima pa zipata za maofesi n'kumati akuthandizani kuti pepala lanu liyende msanga. Amenewo ndi adzukulu ake enieni. Koma liwu limene ndasankha ndi tambwali, chifukwa tikamati uje ndi tambwali timakhala tikudzudzula uku tikumwetulira. Chosowa m'liwu lathuli n'chimodzi: njala. Tambwali akhoza kukhala wokhuta. Pícaro woyambirira anali tambwali wanjala.

Njalayo idali m'dziko limene pa nthawiyo linali lamphamvu kuposa onse ku Ulaya. Sitima zinkafika pa doko la Seville zitadzaza siliva wa ku America, makamaka phiri la Potosí litatulukiridwa mu 1545. Koma silivayo ankangodutsa, kupita kukalipira nkhondo ndi ngongole za mfumu, moti boma lidalephera kubweza ngongole zake mu 1557, mu 1575 ndiponso mu 1596. Mitengo ya zinthu inkakwera, anthu ankathawa m'midzi, ndipo mizinda idadzaza ndi opemphapempha. Pamwamba pa zonsezo panali matenda a ulemu: munthu wa banja lomveka ankaona ntchito yamanja ngati chitonzo, bola kugona ndi njala.

M'dziko lotere ndi m'mene mudatuluka kabuku kakang'ono kotchedwa Lazarillo de Tormes. Makope akale kwambiri amene alipo ndi a chaka cha 1554, osindikizidwa ku Burgos, Alcalá de Henares, Medina del Campo ndi Antwerp. Wolemba sadaikepo dzina lake, ndipo adachita bwino, pakuti mu 1559 kabukuko kadalowa pa mndandanda wa mabuku oletsedwa. Mu 1573 adakalola kutulukanso, koma atadulamo mitu iwiri yokhudza anthu a mpingo. Kope la ku Medina del Campo lidapezeka mu 1992, amisiri akukonza nyumba yakale m'tauni ya Barcarrota. Wina adalibisa m'khoma pamodzi ndi mabuku ena, ndipo lidagona m'menemo zaka zoposa 400. Akuluakulu athu muno, amene mukukumbukira kuti buku la ndakatulo la Jack Mapanje lidachotsedwa m'masitolo ndipo mwini wake adatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991, simufunika kuuzidwa chifukwa chake munthu amabisa buku m'khoma.

Lázaro, mwini nkhaniyo, adabadwira pa chigayo cha madzi pa mtsinje wa Tormes pafupi ndi mzinda wa Salamanca. Bambo ake ankagaya tirigu wa anthu, ndipo adagwidwa akuboola matumba n'kumatapamo. Atamwalira, mayi ake adasamukira mumzinda, kumaphikira ana a sukulu ndi kuchapira anthu. Kumeneko adapalana ubwenzi ndi Zaide, munthu wakuda wosamalira mahatchi, amene ankabwera ndi buledi, nyama ndi nkhuni za m'nyengo yozizira. Zinthuzo ankazipeza pogulitsa chakudya cha mahatchi ndi zipangizo za abwana ake, ndipo atagwidwa adamukwapula n'kumudonthezera mafuta otentha m'mabala. Ndimaima pamenepa nthawi zonse ndikamawerenga. M'buku lonseli, lodzaza ndi anthu akuba, amene akuba chifukwa chokonda ana ndi Mwafirika mnzathuyu, ndipo ndiye amene akulandira chilango chowawa kuposa onse.

Mayi uja atasowa pogwira adapereka mwana wake kwa nkhalamba yosaona kuti aziitsogolera. Patapita masiku angapo, potuluka mu Salamanca, adafika pa mlatho pamene pali nkhunzi ya ng'ombe yosema pamwala. Nkhalambayo idauza mwanayo kuti aike khutu pa mwalawo amve phokoso lalikulu lili m'kati. Mwana uja, mwaulemu wake, adaikadi khutu, ndipo nkhalamba idamuombetsa mutu pa mwalawo mwamphamvu, n'kumuuza uku ikuseka kuti wotsogolera munthu wosaona ayenera kuchenjera kuposa mdierekezi. Limenelo ndiye lidali tsiku lake loyamba kusukulu. Kuyambira pamenepo awiriwo adali pa mpikisano. Nkhalamba inkakumbatira mtsuko wake wa vinyo. Lázaro ankayamwa ndi kaphesi. Nkhalamba itavundikira mtsuko, Lázaro adaboola pansi n'kumata ndi phula, ndipo ankagona pakati pa miyendo yake pafupi ndi moto kuti phula likasungunuka vinyo azidonthera m'kamwa. Itazindikira, idadikira tsiku lina mwanayo ali chagada, maso ali tsinzi, n'kumuphwanyira mtsukowo kumaso mpaka mano kuguluka.

Koma nkhani imene ndikufuna muisunge ndi ya mphesa. Munthu wina adawapatsa phava la mphesa. Nkhalamba idati adye mwachilungamo, iyo imodzi, mwana imodzi, mpaka zithe. Adagwirizana. Posakhalitsa nkhalamba idayamba kuthyola ziwiriziwiri. Lázaro ataona zimenezo sadayankhule, adangoyamba kuthyola zitatuzitatu. Zitatha, nkhalamba idagwedeza phava lopanda kanthu lija n'kunena kuti mwanayo wakhala akudya zitatuzitatu. Lázaro adakana, n'kufunsa kuti munthu wosaona wadziwa bwanji. Yankho lidali lakuti iyo inkadya ziwiriziwiri ndipo iye adangokhala chete. Makolo athu adati atambwali sametana, amaopa kuchekana. Apa taona mbali ina ya mwambiwo: atambwali saululana.

Lázaro adasiyana ndi nkhalambayo tsiku lamvula, ataiuza kuti idumphe ngalande pamalo pamene kutsidya kwake kunali chipilala chamwala. Adathawa osatembenuka. Bwana wachiwiri adali wansembe wa ku Maqueda, woumira koopsa, amene ankamupatsa anyezi mmodzi pa masiku anayi, buledi n'kumamutsekera m'bokosi. Mnyamatayo adapeza kiyi kwa mmisiri wokonza mapoto, n'kumanyenya bulediyo kuti aziti ndi makoswe. Usiku ankabisa kiyiyo m'kamwa. Tsiku lina ali m'tulo mpweya udayamba kuliza kiyiyo ngati mluzu, wansembe adayesa ndi njoka, ndipo adakantha ndi chibonga mumdima. Pano tili Asilamu ndi Akhristu, choncho ndinene msanga kuti bukuli silinyoza chikhulupiriro cha munthu. Likunyoza munthu wosunga kiyi ya bokosi la chakudya, ndipo anthu otere alibe mpingo umodzi.

Bwana wachitatu ndiye amene ayenera kutichititsa manyazi ife ovala mataye. Lázaro adakumana naye mu Toledo, munthu wooneka bwino, chovala chaulemu paphewa, lupanga m'chiuno, mayendedwe a mwini tauni. Mnyamata adati tsopano wapeza podyera. Atafika kunyumba adapeza mulibe mpando, mulibe tebulo, mulibe mphika. Bwanayo adachoka kwawo chifukwa chosafuna kuyamba iye kuvulira chipewa munthu wina womuposa. Ankatuluka pakhomo akutokosa m'mano ndi kaudzu kuti odutsa aziti wangomaliza kudya, chikhalirecho m'mimba muli mphepo yokhayokha. Mapeto ake wantchito ndiye ankapita kukapempha m'makomo kudzadyetsa bwana, mochenjera kuti bwana asachite manyazi. Ndipo Lázaro ankamukonda munthuyu, chifukwa sankamumana, analibe. Eni nyumba atabwera kudzafuna lendi, bwana adati akukasintha ndalama kumsika, ndipo sadabwererenso. Kawirikawiri wantchito ndiye amathawa bwana, koma apa bwana ndiye adathawa wantchito. Amene mudayendapo pa 20 mwezi, nsapato zopolishidwa, jekete lositidwa, m'thumba muli chiphaso chokha, mukumudziwa bamboyu.

Abwana otsatira ndiwadumpha, kupatula mmodzi wogulitsa makalata a chikhululukiro cha machimo. Malonda akavuta ankapangana ndi wapolisi kuti akangane pagulu. Wapolisiyo ankalowa m'tchalitchi kumunena kuti ndi wonyenga, kenako n'kugwa pansi thovu lili kukamwa, mpaka wogulitsayo atamupempherera n'kumuchiritsa. Makalata ankatha tsiku lomwelo. Wole Soyinka adalemba za munthu wofanana naye m'sewero la The Trials of Brother Jero, limene lidaseweredwa koyamba mu 1960, ndipo sindikuganiza kuti mtundu wa anthu amenewa udatha.

Chodabwitsa n'chakuti liwu loti pícaro mulibe m'kabuku konseka. Lidamatirira pa mabuku a mtundu uwu patapita zaka 45, Mateo Alemán atatulutsa Guzmán de Alfarache mu 1599, gawo lachiwiri mu 1604. Anthu ankangolitcha bukulo kuti Pícaro. Guzmán akusimba moyo wake ali mkaidi wopalasa ngalawa zankhondo za mfumu, ndipo pakati pa nkhani za kuba amaikapo maulaliki ataliatali. Anzanga a ku akaunti mumve ichi: Alemán adagwira ntchito zaka zambiri ngati wowerengera ndalama za boma, ndipo adalowapo m'ndende chifukwa cha ngongole. Miguel de Cervantes naye adali wokhometsa msonkho, ndipo adatsekeredwa ku Seville mu 1597 mabuku ake a ndalama atalephera kugwirizana. Atambwali a m'mabuku adalembedwa ndi anthu odziwa m'kati mwa ofesi. Pambuyo pake kudabwera tambwali wamkazi, La pícara Justina mu 1605, ndi El Buscón wa Francisco de Quevedo mu 1626. Mbewuyo idaoloka malire: Simplicissimus ku Germany mu 1668, Gil Blas ku France kuyambira 1715, Moll Flanders ku England mu 1722, mpaka Huckleberry Finn ku America mu 1884. Liwu la Chingerezi lija loti picaresque, limene ena tidaliloweza pokonzekera mayeso, lidachokera pamenepa.

Nanga alembi ankamufuniranji munthu wotere? Kale mabuku a nthano ku Ulaya ankakamba za ngwazi zokwera pa hatchi, ana a mafumu opulumutsa akazi okongola, anthu amene simuwaona akumva njala kapena kufunsa mtengo wa chinthu. Pícaro adatembenuza zonsezo. Ngwazi imaona dziko ili pamwamba pa hatchi. Iye amaliona ali pansi pa tebulo. Wantchito amalowa kuchipinda kumene mlendo safika. Amadziwa zimene bwana amadya, amene amabwera usiku, ndi ngongole zimene zili pakhomopo. Ndiye mukatenga wantchito mmodzi n'kumuyendetsa m'nyumba zisanu ndi ziwiri, mwafufuza dziko lonse popanda kukhazikitsa komiti. Ferdinand Oyono wa ku Cameroon adagwiritsa ntchito diso lomweli mu Houseboy, buku la 1956, poonetsa atsamunda kudzera mwa mnyamata wowayalira bedi. Amadou Hampâté Bâ wa ku Mali, mu 1973, adalemba za Wangrin, womasulira mawu m'maofesi a Afalansa, amene ankadyera mbali zonse ziwiri chifukwa ndiye yekha ankamva zilankhulo zonse.

Chinthu china chachikulu n'chakuti pícaro amasimba yekha. Amati "ine". M'chaka cha 1554 kudali kulimba mtima kuti mwana wa wakuba pachigayo alembe mbiri ya moyo wake ngati kuti ndi mfumu kapena woyera mtima. Koma poti wosimbayo ndi wabodza wodziwika, wowerenga sangagone. Uyenera kumamvera uku ukufunsa kuti kodi apa sakundithyolera zitatuzitatu? Nkhani yake ilibenso mapeto enieni, imangoyenda ngati ulendo. Cervantes adaseka zimenezi mu Don Quixote, m'mene muli mkaidi wina, Ginés de Pasamonte, amene akulemba mbiri yake ndipo atafunsidwa ngati adamaliza akudabwa kuti angamalize bwanji iye akadali moyo.

Tsopano tibwerere kumudzi. Tambwali sadayambire ku Spain. Aluya adali naye kale: al-Hariri wa ku Basra, amene adamwalira mu 1122, adalemba nkhani 50 za Abu Zayd, nkhalamba yakuthwa pakamwa imene inkatulukira mumzinda uliwonse itavala nkhope ina, kulira kapena kulalikira mpaka anthu atapereka ndalama. Nkhanizo zinkawerengedwa ku Spain pa nthawi imene mbali ina ya dzikolo inali m'manja mwa Asilamu. Kugombe kwa Aswahili, kumene makolo a dera lino ankapita pa malonda mpaka ku Kilwa, kuli nthano za Abunuwasi. Ndipo ife tili ndi Kalulu, amene pa Chiyao timati Sungula. Duff Macdonald wa mishoni ya Blantyre adalemba nthano za Ayao m'buku lake Africana mu 1882, ndipo R. S. Rattray adasindikiza za Chinyanja mu 1907, koma ife sitidazimve kwa azungu amenewo. Tidazimva kwa agogo, pamoto, tikuyankha kuti tilitonse.

Mukukumbukira Kalulu akukana kukumba nawo chitsime pa chilala, kenako n'kumabwera ndi uchi kudzanyengerera alonda kuti awamange manja, iye n'kumwa ndi kusamba m'madzi a anzake. Mukukumbukira akupatsa Njovu nsonga imodzi ya chingwe, Mvuu nsonga ina, aliyense n'kumayesa kuti akukokana ndi kanyama kakang'ono. Tinkaseka, ndipo tinkakhala mbali ya Kalulu, chifukwa m'dziko la Mkango ndi Njovu wamng'ono alibe khoti lokadandaulako. Mpaka apa iye ndi Lázaro ndi pachibale. Koma pali kusiyana kumene ndikuona kuti n'kofunika. Kalulu sakula. Alibe tsiku lobadwa, alibe zipsera. Usiku uno agwidwa ndi Kamba pachitsime, mawa ayambiranso ali watsopano. Ndiponso sasimba yekha. Amasimba ndi agogo, amene pomaliza amakuuzani phunziro lake. Lázaro ali ndi mano oguluka amene sadzameranso. Chinyengo chilichonse chimene wachita kapena kuchitiridwa chimamusiyira chizindikiro, ndipo mwana amene adaika khutu pa ng'ombe yamwala uja timamuona akusanduka munthu wina pang'onopang'ono. Kalulu amatiphunzitsa kuchenjera. Lázaro amationetsa mtengo wake.

M'mabuku athu a Chichewa, amene ali pafupi ndi pícaro ndi Nthondo, wa Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Bukulo lidapambana mpikisano wa mabuku a zilankhulo za mu Afirika, lidatuluka mu 1933, ndipo T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi mu 1934 pa dzina loti Man of Africa. Nthondo ndi mnyamata wovuta ndi wakuba, amene akuchoka kwawo kukafuna ntchito kutali, kenako akubwerera, kutembenuka mtima ndi kukhala mfumu ya mudzi. Theka loyamba ndi la tambwali ndithu. Koma nkhaniyo akusimba ndi Nthara, osati Nthondo, ndipo buku lochokera pa mishoni silikadalola kuti wakuba afike kumapeto asanalape. Pa siteji ndi pa wailesi tambwali adapeza ufulu woposa pamenepo. Malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo, adatiseketsa zaka zambiri ndi anthu ofuna kudya osakhetsa thukuta, ndipo tinkaseka chifukwa tinkawazindikira.

Koma mbiri zenizeni za mtundu uwu kuno kwathu sizili m'mabuku. Zili pa makhonde a magolosale pano pa Nselema, pa Ntaja, pa Chiponde. Agogo athu adapita ku Wenela mpaka ndege ija idagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70. Lero adzukulu awo a ku Machinga ndi Mangochi akukwera basi kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Mufunseni mmodzi wobwera ku Joni kuti akusimbireni bwinobwino. Mudzamva za bwana woyamba amene ankamulimitsa maluwa, wachiwiri wa sitolo amene ankamugoneka m'chipinda cha katundu, wachitatu amene adathawa ndi malipiro a miyezi iwiri. Mudzamva za dzina limene ankadziwika nalo kumeneko, losiyana ndi la kwawo. Za kubisala pa zipolowe za 2008 ndi 2015. Za ku Lindela kumene amasungirako oyembekeza kubwezedwa. Mutu uliwonse uli ndi bwana wake, ndendende ngati kabuku ka 1554. Ndipo mudzaona kuti m'nkhani zakezo wopambana amakhala iye nthawi zonse. Zimene adachita kuti apulumuke, zina amazidumpha.

Ndasunga dala mapeto a Lázaro. Atagulitsa madzi mumzinda zaka zinayi adasunga ndalama zogulira zovala zakaunjika ndi lupanga lakale, ndipo atadziona pagalasi la maganizo ake kuti tsopano ndi munthu, adasiya ntchitoyo. Kenako adapeza chimene ankachilakalaka: ntchito ya boma. Adakhala wolengeza mumsewu wa Toledo, woitanira malonda a vinyo ndi kufuula milandu ya anthu amene akukwapulidwa. Mkulu wa ansembe pa tchalitchi cha San Salvador adamukwatitsa wantchito wake wamkazi, n'kuwapezera nyumba pafupi ndi yake, n'kumawapatsa tirigu, nyama ndi zovala zakale. Mkaziyo adapitiriza kupita kukayala bedi ndi kuphika kwa mkuluyo, ndipo mzinda wonse unkanong'ona. Mkuluyo adalangiza Lázaro kuti asamvere za anthu, aziyang'ana phindu lake. Lázaro adavomera, n'kuchenjeza anzake kuti aliyense womuuza za mkazi wake ubwenzi utha. Ndipo akutseka nkhani yake ponena kuti pamenepo ndiye adali pachimake pa mwayi wake.

Buku lonseli ndi kalata. Munthu wina wamkulu adamva manong'onong'owo n'kulembera Lázaro kuti afotokoze. Anzanga a m'boma mukuidziwa kalata ija yoti fotokozani pasanathe masiku asanu ndi awiri. Lázaro poyankha sakuyamba ndi mlanduwo, akuyamba ndi chigayo chimene adabadwira, kuti pofika pa mlanduwo wowerenga akhale atamumvera chisoni, ndiponso ataona kuti wansembe, bwana wa lupanga ndi wogulitsa chikhululukiro onse ndi atambwali omuposa. Ndi njira yochenjera, ndipo zambiri zimene akunena n'zoona. Komabe munthu amene akulemba kalatayo salinso ndi njala. Ali ndi nyumba, ali ndi malipiro. Mwana uja ankaba buledi kuti asafe. Bambo uyu akukhala chete kuti asataye tirigu wa pachaka. Akugwiritsa ntchito njala ya dzana pofuna kukhululukira kukhuta kwa lero.

Apa ndi pamene liwu la Chisipanishili likutikhudza ife, chifukwa ambiri muno tidachokera m'nyumba za udzu ndipo aliyense ali ndi nkhani yake ya fizi yosowa ndi nsapato imodzi. Nkhanizo n'zoona. Koma mu 2013 dziko lino lidaona zimene zidatchedwa Cashgate, pamene macheke a boma ankalembedwa kupita ku makampani amene sadapereke katundu aliyense, zolembedwazo n'kumafufutidwa mu kompyuta. Ofufuza a Baker Tilly adapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidatayika m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, ndipo maiko otithandiza adaimitsa chithandizo chawo cha bajeti. Cheke chimodzi cha boma chinkadutsa m'manja angapo chisanafike kubanki. Si onse amene chidawadutsa adaba. Koma nkhalamba yosaona ija ikadafunsa za amene adangokhala chete.

Chimene chimandivuta kwambiri ndi chilankhulo chathu. Munthu akamanga nyumba zitatu ndi malipiro a kalaliki timati ndi wochenjera, ndi shasha, adagwiritsa ntchito mpata. Mnzake amene wapuma pantchito ndi njinga yokha timati adagona. Timanena kuti mbuzi imadya pamene aimangirira, ngati kuti ndi mwambi wa makolo wofanana ndi ina yonse. Tatenga ulemu umene tinkapatsa Kalulu, wamng'ono wolimbana ndi Mkango, n'kuupereka kwa munthu amene wakhala pa mpando wa Mkangowo. Wobera chipatala cha pa Ntaja mankhwala sakupusitsa Njovu. Akupusitsa mayi amene wayenda ndi mwana kumsana kuchokera kumudzi usiku. Mu nthano zathu nyama yodya zofooka ndi yosakhuta ili ndi dzina lake, ndipo dzinalo si Kalulu, ndi Fisi.

Bambo Wapampando, ndili ndi pempho limodzi kwa komiti. Chaka chilichonse timasonkha za malata ndi madesiki, ndipo tipitirize. Koma kabuku aka n'kakafupi, kali ndi mitu isanu ndi iwiri yokha, ndipo poti n'kakale palibe woti tikam'pemphe chilolezo. Muno muli aphunzitsi a Chichewa, muli odziwa Chiyao chenicheni, muli amene adali m'kalabu ya zisudzo. Bwanji tikamasulire mutu umodziumodzi, tizisindikiza m'nyuzi yathu ino, kenako ana a Fomu 3 akasewere? Padzakhala zokangana. Vinyo wa mumtsuko mwina adzasanduka thobwa la m'chipanda. Mphesa zija ine ndikuti zikhale mtedza wokazinga m'mbale imodzi, ngakhale ndikudziwa kuti wina adzati masawu. Ng'ombe yamwala tidzaisiya momwemo, pakuti ikadalipo pafupi ndi mlatho wa Salamanca ndipo alendo amajambulitsa nayo. Mutu woyamba ndidzayamba ndine. Amene akufuna wa wansembe ndi bokosi lake, kapena wa bwana wotokosa m'mano, andipeze panja tikatha kudya.